Kompyuta Imene Ndinabisa M'matumba a Chimanga

Nkhani iyi ndi yoona, abale anga, sindinachite kuimva pa mjigo ayi, inandichitikira ine mwini wakene dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anaona ndi maso alipo mpaka lero pa Lirangwe, kungoti maina sinditchula chifukwa ena mwa iwo ndimadya nawo mbale imodzi. Ine ndine mayi wosoka zovala kuno ku Chileka, sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndikamalakwitsa maina a tizitsulo ta m'kompyuta musandiseke, kodi inuyo munabadwa mukutidziwa?

Malemu amuna anga anali mphunzitsi wa ku pulayimale, komanso ndi amene ankaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu. Kwawo kunali kuseri kwa Lirangwe, njira ya ku Mdeka, kwa Alomwe aja makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale, ndipo kuno anabwera ngati mkamwini. Tsiku lina anatsika minibasi atafungatira chibokosi ngati khanda, kondakitala akuwatsitsira china chonga wayilesi ya kanema chotupa kumbuyo, ati agula kompyuta yakale m'tauni. Ine ndinalusa, ndinawafunsa ngati tizidya chimenecho, iwo nkumangoseka, mapeto ake ndine ndemwe amene ndinasoka kansalu koyera ka zingwe m'mphepete kovundikira kuti isamalowe fumbi. Ukwati ndi choncho.

Ntchito yake yeniyeni inali ya kwaya. Anthu athu sawerenga manotsi, amagwira nyimbo ndi khutu, ndiye bamboyo Loweruka lililonse masana ankakhala pabalaza nkumadzijambula mawu akuimba mbali iliyonse payokha, besi, tena, alito, mpaka sopulano ndi kamawu kopyapyala kamene kankandigwetsa ndi phwete, kenako oimba nkumabwera ndi timakhadi ta m'foni kudzatengako. Koma nyumba ya kumudzi ilibe chinsinsi, zonse zinkalowa momwemo: tambala, mbuzi za oyandikana nawo, ndege ikamatera pabwalo paja, ndi makina anga osokera. Pali pena pamene akuyamba bwinobwino, kenako nkuima, nkundipempha mwaulemu kuti ndiimitse kaye makinawo, ine nkuwayankha chapatali kuti sopulano yawoyo sigula sopo, iwo nkuphulika kuseka. Sanafufute zimenezo. Panalinso kanyimbo kamodzi ka Chilomwe kamene mayi awo ankawaimbira ali kumsana popalira, anakajambula tsiku lina mvula ikuwaza, nkunena kuti akawapatsa mayiwo pa Khirisimasi kuti azikamvera pa foni ya mlongo wawo.

Khirisimasi imeneyo sanaione. Anadwala masabata awiri okha basi, tinakawaika kwawo monga mwa mwambo, ndipo chimene ndinachisowa msanga sichinali chachikulu ayi. Iwo akamaweruka kusukulu sankalowa pakhomo mwaulemu ngati mphunzitsi, ankazembera kuseri nkugogoda katatu pawindo limene ndimasokera, go go go, kuti andidzidzimutse, ndipo zaka zonsezo ndinkadzidzimukadi nkuwakalipira. Sungani zimenezi, katatu.

Patapita mwezi unafika mwambo wondisudzula. Mukudziwa mmene zimakhalira, akuchimuna amabwera ndi ankhoswe, katundu wa malemu amatulutsidwa nkuyalidwa pamphasa, nkumanena kuti ichi chitsale, ichi chipite kwawo. Mkulu wanga, amene nyumba yake ili kuseri kwa yanga, anali atandidzaza kale mantha kuti chilichonse chimene mwamuna anagula yekha chimapita. Ine apongozi anga sindinkadana nawo, ankandikonda ngati mwana wobala okha, koma nditaganiza kuti mawu aja akwera minibasi nkundisiya m'nyumba ya zii, mutu unaima. M'mawa alendo asanafike, ine ndi mkulu wangayo tinanyamula bokosi lija ndi kanema wake nkukazilowetsa pakati pa matumba a chimanga m'chipinda chake chosungira zokolola. Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu, mayi wa mawu aakulu amene sazungulira polankhula, atafunsa kuti nanga kompyuta ija ili kuti, ndinayankha maso ali gwa kuti inali ya sukulu ndipo ahedi anabwera kudzatenga. Anangogwedeza mutu. Anatenga njinga, majekete, nsapato ndi wayilesi, zina zonse anandisiyira, ndipo anandimasula ndi mawu abwino.

M'matumbamo inakhalamo miyezi itatu, kenako ndinaibweza nkuiika kuchipinda kwanga. Ine za kompyuta ndinkangodziwa zitatu: kudina batani, kudikira, nkutsegula kachikwama kachikasu ka pa kanemapo kamene munali nyimbo. Lamulungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndinkatseka chitseko, nkuvula duku, nkukhala pabedi kumawamvera akutsokomola, akuwerenga wani thu, akundipempha kuti ndiimitse makina. Nthawi zina ndinkawayankha. Zaka zitatu ndinakhala choncho, ndipo kunena zoona masana a Lamulungu amenewo ndimawasowa mpaka lero.

Koma pali chimene chinkandidya. Apongozi anga maso anali atasiya kuona, ndipo ndikapita kukawazonda ankandigwira dzanja nkumandisisita ngati akufuna kupeza mwana wawo m'khungu langa. Tsiku lina tili pakhonde tikusenda nandolo anandiuza kuti nkhope ya mwana wawo akuionabe bwinobwino mumtima, koma mawu ndi amene akuwathawa, ndipo anandifunsa kuti kodi paja ankaseka bwanji. Abale, ine ndinali ndi kuseka kumeneko kunyumba, pansi pa kansalu koyera, pamodzi ndi nyimbo yawo yomwe. Koma ndikanayamba bwanji? Kukopera pakakhadi sindinkadziwa, ndipo kuti ndipemphe munthu nkubwera nayo nyimboyo, akanandifunsa kuti yachokera kuti, bodza langa lija nkuyalidwa pamphasa pamaso pa ankhoswe. Ndinangoti ankaseka ngati iwo omwe. Mumtima ndinkati mwezi wamawa ndilimba mtima, mwezi wamawawo nkukhala wamawa wina, mpaka nyengo yozizira ya chaka chachitatu apongozi anatisiya.

Sabata yotsatira maliro kunabwera mnzanga wa m'kwaya, yekhayo amene ankadziwa chinsinsi changa kupatula mkulu wanga. Anati abambo a besi aiwala nyimbo zakale ndiye akufuna akopereko pa fulashi, kaja kokhala ngati chala kosungira zinthu. Anakalowetsa, kompyuta nkuyamba kuchita ulesi ngati yamwa phala lozizira, anadikira, anadina apa ndi apo, kenako anakazula nkunena kuti zakanika, adzayesanso tsiku lina. Ine sindinaganizepo kanthu.

Lamulungu nditabwera kopemphera ndinatseka chitseko monga mwa masiku onse nkudina batani. Chimphepo chamkati chinayamba kulira bwinobwino, koma kanema anangoti bii. Ndikuti ndiyang'ane waya, ndinangomva bokosi lija likuti tii, tii, tii. Katatu. Linakhala chete, kenako katatunso. Musandifunse kuti ndinatuluka bwanji chifukwa ndinangozindikira ndili pabwalo la mkulu wanga opanda nsapato, duku lili m'manja, dzuwa lili paliwombo, ana a eni ake akusewera fulaye ngati palibe chachitika.

Mkulu wanga, yemwe uja anandithandiza kubisa, ndi amene anayamba kunena kuti mlandu suwola, mayi afika kumene kuli mwana wawo ndipo amufotokozera zonse, tsopano mwini wake akugogoda kufuna katundu wake. Ndinamufunsa kuti nanga si iwe unanyamula mbali ya kanema, iye nkuti anangothandiza ngati m'bale. Mnzanga wa m'kwaya atamva anabwera akupepesa, ati imeneyo ndi vayirasi, matenda a makompyuta, chifukwa fulashi yake inali itadutsa m'timashopu tija amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu, ndipo kumeneko ndi kuchimake kwa matendawa. Ine sindinadziwe kuti ndiope ziti, mzimu kapena vayirasi, chifukwa zonse ziwiri zinkatanthauza chinthu chimodzi, kuti mawu aja sindidzawamvanso.

Tinayesa zonse zimene anthu osadziwa amayesa. Tinadikira kuti mwina magetsi abwera ofooka, tinasintha soketi, tinabwereka waya wa ketulo, tinazula kiyibodi ndi mbewa yake nkubwezeretsa, mnzangayo anaimenyako mbama pambali ngati wayilesi yakale, ine ndinaikapo buku la nyimbo pamwamba nkupemphera. Tikadina, yankho linali lomwelo, katatu. Masiku asanu sindinasoke kanthu kooneka, ndipo kasitomala wina atagogoda pawindo lija ndinadzibaya ndi singano mpaka magazi.

Mnzangayo ndiye anati amisiri apafupi amangodziwa mafoni, m'tauni angandisinthire zitsulo, koma pali bambo wina wodziwadi makompyuta pa Lirangwe. Pa Lirangwe! Malo onse a m'dziko muno, mmisiri nkukakhala pakhomo pa alamu anga? Ndinasankha tsiku losakhala la msika kuti ndisakumane ndi ondidziwa, ndinavundikira bokosilo ndi kansalu kake kaja, pamwamba nkukulunga chitenje, ndinakwera kabaza mpaka kumsewu waukulu, kenako minibasi, nditalifungatira pamiyendo monga analibweretsera mwini wake. Kondakitala anafunsa ngati wodwalayo akupuma, anthu nkuseka.

Mmisiriyo anali bambo wa imvi, magalasi omanga ndi ulusi, m'kachipinda kodzaza mawayilesi akufa pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa misomali. Analumikiza bokosi langa ku kanema wake, nkudina, ndipo litalira katatu ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko, koma iye sanatekeseke nkomwe. Anamasula mbali imodzi, ndipo zimene zinatuluka m'menemo, manyazi bwanji! Fumbi la chimanga, mankhusu, ndi anankafumbwe akufa ali mbwee. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkundifunsa ngati kwathu makompyuta timawadyetsa mgaiwa. Anazula kachitsulo kobiriwira kooneka ngati chipeso, anakapukuta mano ake ndi labala ya pensulo, anauzira, nkukabwezera. Atadina, kulira kuja kunatha ndipo kanema anayaka. Mtima wanga unangoti myaa.

Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Inkayamba kutsegula, ikafika pakati nkuzima yokha, nkuyambiranso, kuzungulira pomwepo ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Bamboyo anati matenda ndi awiri, kulira kuja linali fumbi, koma uku tsopano ndiye vayirasi, ndipo mankhwala ake amene amapatsa aliyense ndi kufomata, kutanthauza kufufuta zonse zamkati nkuikamo zatsopano, ola limodzi ndikhala ndili pa minibasi.

Asanamalize nkomwe, pakhomo panaima munthu mpaka m'chipindamo munachita kamdima. Alamu anga, chitenje chili mbuu ndi ufa. Chigayo cha kwawo chinali chitawonongeka ndiye anabwera kudzagayitsa pa Lirangwe, ndipo wa kabaza wina anawauza kuti waona mkazi wa malemu achimwene awo akutsika ndi katundu. Chakudza sichiimba ng'oma. Tinapatsana moni, anandidandaula kuti ndafika mpaka pano osawadziwitsa, anakhala pabenchi pambali panga, kenako anafunsa kuti makinawa ndi a ndani. Pakamwa panga panayankha pokha kuti ndi a oyandikana nawo nyumba, angondituma.

Apo mmisiri uja anatembenuka nkundifunsa ngati eni akewo ananena kuti muli zofunika m'katimo, zithunzi kapena makalata, chifukwa akangodina ndiye kuti zapita, ngakhale abusa atabwera kudzapemphera sizingabwerere. Alamu ankandiyang'ana. Ndinati mulibe kanthu. Anafunsanso kachiwiri, ati iye amafunsa kawiri chifukwa anthu amabwera kudzalira pakhomo pake, ndipo ine, mayi wamkulu wa mvano, ndinabwerezanso kuti mulibe kanthu.

Analowetsa fulashi yake, kanema anasanduka wabuluu, tizilembo tachizungu tikubwera nkumapita, iye akudina pang'onopang'ono. Alamu, posadziwa kuti akundiwotcha, anayamba kundifotokozera za masiku omaliza a mayi, zimene pamaliro sitinapeze mpata wokambirana. Anati masiku atatu omaliza mayi ankangotchula mwana wawo wamwamuna uja, nkumapempha kuti wina awaimbire kanyimbo kaja ankamuimbira kumunda, koma onse anali ataiwala mawu ake apakati, amene ankakadziwa konse anali malemuwo basi. Ine ndikumva zimenezo, maso anga ali pa chala cha mmisiri. Ndinachiona chikukwera, chikuima pamwamba pa batani lalikulu, iye nkunena kuti tsopano tikutsuka.

Kukuwa kumene ndinakuwa, ometa tsitsi anathamanga ndi makina m'manja. Ndinamugwira dzanja bamboyo ndi manja awiri, mpando wake unagwa, magalasi anakagwera m'mawaya, ndipo ndinkangoti asadine, asadine, muli amuna anga m'menemo. Kenako ndinagwada pasimenti pamaso pa alamu, anthu atadzaza pakhomo, nkuulula zonse, za matumba a chimanga, za ahedi amene sanabwere nkomwe, za zaka zitatu za Lamulungu.

Ndinkadikira chimphepo, chifukwa alamu angawo akalusa amamveka kutsidya kwa msewu. Koma anangopukusa mutu nkunditcha chitsiru cha mulamu. Anati ankadziwa kuyambira tsiku londisudzula lomwelo, chifukwa patebulo panali madontho anayi oyera pamene panakhala miyendo ya bokosi, ndipo ahedi enieniwo anali atanena pamaliro kuti malemu ankathandiza sukulu ndi kompyuta yawoyawo. Atakawauza mayi, mayiwo anati amusiye mwanayo, wamasiye akabisa chinthu ndiye kuti ndi pamene wagwira kuti asagwe, nanga iwo akachita nacho chiyani kumudzi kopanda magetsi? Ngakhale lero, anati, kansalu koyera kaja anakazindikira asanakhale pansi, amangofuna aone kuti ndinama mpaka pati. Koma iwo onse ankaganiza kuti ndi makina olembera mayeso basi, ndiye anandifunsa kuti m'katimo muli chiyani choti munthu nkukuwa chotero.

Mmisiri atatola magalasi ake anandikalipira ngati mwana, ati wodwala wonamiza dokotala amadzipha yekha, ndipo ndikananena poyamba pali njira ina, kungoti ndi yochedwa. Anazula m'bokosimo chitsulo china chonga sopo wochapira, ati ndi nkhokwe yake, nkuchilumikiza ku kompyuta yake. Kachikwama kachikasu kaja kanaoneka, ndinakaloza ndi chala, anakatsegula. Munalibe kanthu. Mbee! Koma mmisiriyo anati ndidekhe, vayirasi ya m'mafulashi imeneyi nthawi zambiri siidya zinthu, imangozibisa. Pamene ananena mawu akuti kubisa, alamu anandiponyera diso, ine nkuyang'ana pansi. Analemba timawu take, tinadikira, ndipo mwadzidzidzi nyimbo zija zinangoti mbwee, mzere wonse mpaka pansi.

Anadina imodzi. Munamveka tambala, kenako kutsokomola, kenako mawu aja, m'kachipinda ka mawayilesi akufa pa Lirangwe, akupempha amayi a m'nyumba kuti aimitseko kaye makina, ine nkumveka chapatali ndi za sopo zija, iwo nkuseka. Alamu anagwira pakamwa. Ndinamuuza mmisiri kuti atsike m'munsi, pa ina imene ndinkaidziwa malo ake, ndipo kanyimbo ka Chilomwe kaja katayamba, mvula ikuwaza pamalata kumbuyo kwake, mayi wamkulu uja anatsetsereka pabenchi nkukhala pansi, miyendo tambalale, akuimba nawo misozi ikutsuka ufa kumaso. Pofika pa mawu apakati aja anasiya nkumangomvetsera. Anthu apakhomo anachoka mmodzimmodzi.

Itatha, anapukuta kumaso ndi chitenje nkundifunsa funso limodzi lokha, mwa mawu otsika amene sindinawamvepo kwa iwo, ngati nyimboyi inalimo kale nthawi imene mayi ankafunsa za mawu a mwana wawo. Ndinati inalimo. Anangoti mayi anaipempha masiku atatu. Sanatukwane, sanakweze mawu, anadzuka nkukatenga ufa wawo kuchigayo. Kunena zoona, bola akanandimenya.

Mmisiri anakopera zonse pa timakhadi tinayi asanatsuke kompyutayo, ndipo kamodzi ndinakapereka ndekha kwa alamu madzulo omwewo, ndikuyenda wapansi kumbuyo kwa njinga imene inanyamula ufa wawo. Chaka chotsatira, pa mwambo wa chiliza cha apongozi, alamu anabweretsa sipika kumanda nkuiika pamwamba pa simenti yatsopanoyo, malemu amuna anga nkuwaimbira mayi awo nyimbo yawo ija. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni, koma alamu anabwera kudzandikoka dzanja nkundiimika kutsogolo pamodzi ndi abale.

Mmisiri uja anandiuza kuti kulira katatu ndi mmene makina a mtundu umenewo amanenera kuti kachipeso kaja sikakugwira bwino, ndipo ine sinditsutsa, munthuyo ntchito yake amaidziwa. Sindikhulupirira kuti amuna anga anabwera kudzandiopseza, sanali munthu wotero, kudzidzimutsa kwawo kunali kwa masewera. Koma fumbi limene linailiza linachokera m'matumba amene ndinaibisamo ndekha, ndipo linakhala phee zaka zitatu nkudzalira sabata yotsatira maliro a mayi awo. Zimenezo mundimasulire ndinu ophunzira.

Ndiye inu amene muli ndi zithunzi ndi mawu a okondedwa anu m'kompyuta kapena m'foni, musasunge pamalo amodzi, ndipo fulashi yoyendayenda musamailowetse mwachisawawa. Mmisiri akakufunsani ngati muli zofunika m'katimo, nenani zoona ngakhale pakhale ndani pambali panu. Koma chachikulu ndi ichi: munthu akamwalira si inu nokha amene mwaferedwa. Ngati muli ndi kanthu kake kamene mayi ake akukafuna, kwerani minibasi lero lomwe, manyazi adzatha m'njira. Ine ndinakapereka nyimbo ija, inde, koma ndinakaipereka kwa simenti.